Strangers from Hell: anamuwononga Jong-woo ndani?

Nachisale:
Anzanga, ndamaliza Strangers from Hell, sewero la pa kanema la ku South Korea, usiku wathawu cha m'ma 2 koloko, ndipo tulo sindinatione mpaka kunja kunayera. Ndichenjeze kaye: amene simunafike gawo la 10 musapitirire kuwerenga, chifukwa pano tiulula zonse mpaka kumathero. Funso limene landigoneka maso ndi ili: kodi Yoon Jong-woo, mnyamata mwini nkhaniyi, anamusandutsa chigawenga ndi Seo Moon-jo, dokotala wa mano uja, kapena anali kale choncho asanalowe m'nyumba ya lendi ya Eden? Mtima wanga ukundiuza kuti si zonse ziwirizi, koma ndimve kaye maganizo anu.

Wa ku Joni:
Achemwali, mwatsegula nkhani imene ndakhala ndikuyembekeza. Ine ndinaonera chaka chatha ndipo ndinabwereza kawiri. Kwa ine palibe chovuta, wolakwa ndi Moon-jo basi. Mnyamata uja anatsika basi ku Seoul kuchokera ku Busan ali bwinobwino, ali ndi chikwama, laputopu ndi maloto olemba buku. Moon-jo ndiye anamusankha, kumusuzumira pa kachibowo ka pakhoma, kumutsatira kulikonse mpaka kuntchito, kumuchotsera mmodzimmodzi anthu onse amene akanamugwira dzanja. Ngakhale gawo lomaliza analitcha Gaslighting, kutanthauza kumusokoneza munthu mutu pang'onopang'ono mpaka asiye kukhulupirira maso ake. Olemba sewerolo atiuza okha pamenepo.

Mayi a Tadala:
Pepani, ine ndangoona magawo awiri ndipo ndinasiya chifukwa cha mantha, koma ndiwerengabe. Tandiuzani kaye, nyumba ijayi ndi chiyani kwenikweni? Ndi hositelo? Anthu akuluakulu kugona m'tizipinda ngati timabokosi, zimachitikadi ku Korea kapena angokokomeza?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Mayi, zimachitikadi. Malo otere amawatcha goshiwon. Poyamba anali a ophunzira okonzekera mayeso ovuta a boma otchedwa gosi, monga olowera ntchito za boma ndi zamalamulo. Munthu ankangofuna bedi, tebulo ndi nyale, awerenge usana ndi usiku. M'kupita kwa nthawi anayamba kudzazamo ndi anthu opeza movutikira: aganyu, okalamba osowa abale, achinyamata ongofika kumene mumzinda. Chimene chimakoka anthu n'chakuti ku Seoul kuti upeze nyumba yabwino umayenera kupereka ndalama zambiri za chikole usanalowe, pomwe ku goshiwon kawirikawiri umangolipira lendi ya mwezi n'kulowa. Bafa ndi khitchini n'zogawana, makoma ndi opyapyala, zipinda zina zilibe n'zenera lomwe. Ambiri mwa malowa amapereka mpunga ndi kimchi (ndiwo zamasamba zowawasa) zaulere m'khitchini, n'chifukwa chake mumaona mayi mwini nyumba uja akukakamiza anthu kudya. Ndipo sewerolo linatuluka pa wailesi ya kanema ya OCN mu 2019, pasanathe chaka chichitikireni ngozi ya moto pa goshiwon ina ku Jongno, pakati pa Seoul, mu Novembala 2018, imene inapha anthu 7. Choncho anthu a kumeneko poona nsanjika yachinayi yopsa ndi moto ija, imene inali ya akazi n'kutsekedwa, sankaona nthano chabe.

Mayi a Tadala:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti mantha anga aja anali ndi maziko. Kanjira ka pakati pa zipinda kaja, kopanikiza, kamdima, kanandibanika ngakhale ndinali pabalaza panga.

Nachisale:
Achimwene a ku Joni, ndikumva zimene mukunena, koma sindikugwirizana nanu pa mawu akuti anafika ali bwinobwino. Kumbukirani zimene ankakumbukira za ku usilikali. Anyamata a ku South Korea amakakamizidwa kukalowa usilikali, ndipo Jong-woo anatulukako ndi chilonda mumtima. Kumudzi anasiya mayi ovutika ndi mkulu wake wodwala, ndipo foni ya mayi ikalira nkhani imakhala ya ndalama za kuchipatala. Tsiku lofika lomwe laputopu inasweka galasi, ndalama zochepa zimene anali nazo zinayamba kuthera pamenepo. Ndipo buku limene ankalemba linali la chiyani? La woimba piyano amene amapha anthu powakanyanga pakhosi. Mkwiyo unalimo kale. Ankangodziwa kuumeza.

Wa ku Joni:
Kulemba za wakupha sikupha, achemwali. Olemba nkhani zaupandu alipo ambirimbiri ndipo amafa ndi ukalamba osapha ngakhale nkhuku. Mkwiyo tonse tili nawo. Ine ndakhala m'chipinda chogawa ndi mabolodi ku Johannesburg, anthu asanu ndi mmodzi bafa imodzi, wina kukudyera ndiwo zako, wina kuimba nyimbo mpaka 3 koloko m'mawa iwe ukudzuka 5. Ndinkalakalaka kumenya munthu, koma sindinamenye. Kusiyana kwa ine ndi Jong-woo n'kwakuti pafupi nane panalibe munthu wondinong'oneza tsiku ndi tsiku kuti chimene ukulakalakacho ndiye iwe weniweni, chita.

Namwino wa Usiku:
Ndilowepo. Ndawerenga zonse ndili pa mpumulo kuntchito. Ine ndikuona kuti nonse awiri mukuyang'ana m'nyumba ya Eden mokha, pomwe theka la sewerolo likuchitikira kunja kwake. Taonani ku ofesi. Shin Jae-ho, amene anali patsogolo pake ku koleji, ndiye anamuitana kuti adzagwire ntchito pa kampani yake. Pamaso pa anthu amaoneka wachifundo, koma mawu ake aliwonse amamukumbutsa Jong-woo kuti uli pano chifukwa cha ine. Amamunyoza za kulemba kwake, amamuseka za malo amene akugona, kenako n'kumayandikira chibwenzi chake. Ndiye pali Park Byung-min, mkulu wake pa ntchito, womangonyinyirika ndi kumutola zifukwa. Mnyamata akachoka kuntchito akupita kwa anthu ofuna kumupha, akachoka kwa ofuna kumupha akupita kwa anthu omupeputsa. Apumira kuti? Kuntchito kwathu ndimaona anthu osagona masiku atatu anayi, ndipo ndikuuzeni, munthu wosowa tulo amayamba kumva ndi kuona zinthu zimene kulibe. Jong-woo sankagona. Sewerolo linaonetsa zimenezi molondola kwambiri moti zinandiwawa.

Nachisale:
Apo ndiye mwafika pamene ndimafuna, anamwino. Chimene chinandiliza ine si nyama yokayikitsa imene ankadya m'nyumba muja kapena mano ozulidwa aja. Ndi kuchuluka kwa nthawi zimene Jong-woo ananena zoona ndipo palibe anamumvera. Anauza Jae-ho kuti anthu a kumene ndikukhala ndi odabwitsa, iye n'kumuuza kuti akukokomeza. Anauza Min Ji-eun, chibwenzi chake, iye n'kumuyankha kuti apirire pang'ono, asamatengere zinthu pamtima. Ananena kuti wina akulowa m'chipinda chake iye kulibe, ndipo zinalidi choncho. Munthu mmodzi yekha m'Seoul monse amene ankamumvetsera mpaka kumapeto kwa chiganizo, amene anafunsa za buku lake ndi chidwi chenicheni, anali Moon-jo, pamwamba pa nyumba paja atanyamula chitini cha mowa. Tangoganizani. Wokumvetsera yekhayo ndi wakupha anthu.

Thokozani:
Ine ndiima ndi Ji-eun ndipo sindisuntha. Anthu ambiri amamuda mtsikana ameneyu, ndipo zimandipweteka. Kodi inu simunaone zimene ankakumana nazo kuntchito kwake? Bwana wake wamkazi ankamuzunza ndi mawu tsiku lililonse, ankaweruka mochedwa atatheratu. Nayenso ankamira. Munthu womira mumufunsa bwanji kuti bwanji sunapulumutse mnzako? Ndipo tinene zoona, chibwenzi chako chitakuuza kuti aneba anga onse akufuna kundipha, chilibe umboni, maso ali psuu, chikukalipa pa zinthu zazing'ono, ndi angati mwa ife tikanakhulupirira nthawi yomweyo? Ife tinkadziwa chifukwa kamera inatitengera ku nsanjika yachinayi. Iye sanaone zimenezo.

Nachisale:
Thoko mng'ono wanga, sindikumuda Ji-eun. Ndipo wanena zoona kuti nayenso ankamira. Komatu n'zimene zikundiopsa. Palibe anachita choipa chachikulu mwa anthu akunja aja kupatula kutopa, kudzikonda pang'ono ndi kusamva. Zinthu zimene ine ndimachita sabata iliyonse. Mchimwene wanga wamng'ono atapita kutauni kukafuna ntchito ankandiimbira kudandaula za kumene ankakhala, ine n'kumamuyankha kuti mwamuna salira, limba mtima. Ndinkaona ngati ndikumulimbikitsa. Dzulo nditamaliza gawo la 10 ndinakhala chete nthawi yaitali ndikuganiza za mafoni amene aja.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Dzina la sewerolo m'Chikoreya ndi Taineun Jiokida, kutanthauza kuti anthu ena ndiwo gehena. Mawuwa anachokera m'sewero la Jean-Paul Sartre, wolemba wa ku France, lotchedwa Huis clos, la mu 1944. M'menemo anthu atatu akufa amatsekeredwa m'chipinda chimodzi mpaka kalekale, mulibe moto kapena wowazunza, amazunzana okha ndi maso awo ndi mmene aliyense akumuonera mnzake. Ife kuno timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo poyamba ndinkaona ngati mawu a Sartre akutsutsana ndi athuwa. Nditaonera sewerolo ndinasintha maganizo. Akunena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Ngati anzako ndiwo amakupanga kukhala munthu, ndiye kuti anzakonso angathe kukuphwasula. Jong-woo anazunguliridwa ndi maso omuona ngati wachabechabe, ndi diso limodzi lomuona ngati chinthu chamtengo wapatali. Anatsatira diso limenelo.

Wa ku Joni:
Aphunzitsi, mwalankhula bwino, koma ndikuopa kuti tikapitiriza chonchi timuchotsera Moon-jo mlandu. Munthu ameneyu ankazula mano a anthu amoyo n'kumapangira mphete. Anapha Yoo Gi-hyeok wa m'chipinda 302, munthu wake yemwe, kumayambiriro kwenikweni, chifukwa choti anamuona ngati ntchito ya manja ake imene sinatuluke bwino. Anapha Jae-ho. Sanachite zimenezi chifukwa cha kutopa kapena umphawi. Anali ndi chipatala chake cha mano, ndalama anali nazo, akanatha kukhala m'nyumba yabwino. Ankagona m'chipinda 304 mwa kufuna kwake, pafupi ndi 303 cha Jong-woo, ngati mlenje wokhala pafupi ndi msampha.

Namwino wa Usiku:
Palibe akumuchotsera mlandu, achimwene. Koma taonani mmene ankagwirira ntchito yake. Sanamuphunzitse Jong-woo kuda Jae-ho, anapeza akumuda kale. Jong-woo atamenya ana asukulu aja mpaka kukathera kupolisi, anabwera kudzamuwombola ndi ndalama ndani? Moon-jo. Osati bwana wake, osati wachibale. Amadikira pamene dziko lakutaya, iye n'kutambasula dzanja. Ndipo amamutcha jagi, mawu amene Akoreya amaitanira wokondedwa wawo. Nthawi iliyonse akatchula mawu amenewo thupi langa linkachita tsembwe, chifukwa ankawanena mofatsa ngati mayi akutonthoza mwana.

Thokozani:
Lee Dong-wook, amene anasewera Moon-jo, anandidabwitsa. Ine ndinamudziwira m'sewero lina la Goblin, mmene anali mngelo wotenga mizimu ya akufa wovala chipewa chakuda, wachisoni, woseketsa nthawi zina. Kumuona pano akumwetulira pang'ono chabe, maso osaphethira, ndinavutika kukhulupirira kuti ndi munthu yemweyo. Sakuwa, sathamanga, amangoima kumapeto kwa kanjira kaja.

Kamnyamata ka Zomba:
Akuluakulu, ndiloleni ndiikepo langa ngakhale ndine wamng'ono pagulu pano. Kwa ine woopsa kuposa onse ndi mayi Eom Bok-soon, mwini nyumba. Moon-jo ukamuona umadziwa kuti pali chinachake. Koma mayi aja amaseka, amakuitana ngati mwana wawo, amakupatsa mazira, amakuuza kuti anthu onse okhala muno ndi abwino. Amapita n'kukapemphera komwe. Ndiye n'kudzamva kuti Moon-jo ndi mapasa okhala m'nyumbamo aja anakulira kumalo osungira ana amasiye m'manja mwa mayi omwewa. Ndiye kuti muzu wa zonse ndi iwowo. Tikamafunsa kuti anamuwononga Jong-woo ndani, tifunsenso kuti anamuwononga Moon-jo ndani.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Wanena mfundo yolemera, mwana wanga. Amene anasewera mayi ameneyu ndi Lee Jung-eun, yemwe chaka chomwecho cha 2019 anasewera wantchito wa m'nyumba mu filimu ya Parasite. Ali ndi luso lotembenuza nkhope kuchoka pa chifundo kupita pa nkhanza popanda kusintha mawu. Chinanso chimene ambiri sadziwa: mapasa aja, Byun Deuk-jong ndi Byun Deuk-soo, anasewera ndi munthu mmodzi, Park Jong-hwan. Wachibwibwi woseka kikiki uja ndi mnzake wodekha uja ndi thupi limodzi.

Mayi a Tadala:
Ayi, zoona? Kuseka kumene kuja ndi kumene kunandisiyitsa. Ndinkakumva m'makutu ndikutsuka mbale. Ndi bambo wa m'chipinda 313 uja, wokhala chitseko chili pululu, wongoyang'ana anthu, wovala kachipangizo ka apolisi pamwendo.

Namwino wa Usiku:
Ameneyo ndi Hong Nam-bok. Kachipangizo kaja ku South Korea amaveka anthu ena amene anapezeka olakwa pa milandu monga yogwiririra, kuti adziwike kumene ali. Mayi, ngati mtima wanu sukufuna, musadzikakamize kupitiriza. Kutsogoloku kuli magazi ambiri, ndipo si sewero loonera ana ali pafupi.

Wa ku Joni:
Tisaiwale So Jung-hwa, wapolisi wamkazi uja. Iyeyu amaphwanya pang'ono mfundo ya achemwali a Nachisale yakuti palibe anamvera. Anayamba ndi nkhani ya amphaka ophedwa m'dera lija, imene anzake ankaiona ngati yopanda pake, n'kuitsatira mpaka inamufikitsa pakhomo la Eden. Anamukhulupirira Jong-woo. Anamuuza kuti achokemo.

Nachisale:
Anamukhulupiriradi, koma anali wapolisi wamng'ono wa pa kapolisi ka m'dera, ndipo akuluakulu ake sankamumvera iyenso. Ndipo mukumbukire kuti dokotala amene ankamukonza mano anali Moon-jo yemweyo. Anagona pa mpando wake atayasamula. Za kuchoka zija, ndi pamene ndimakwiya ndi anthu amene amati bwanji sanangosamuka. Apite kuti? Ndi ndalama ziti? Anayendera malo angapo tsiku loyamba lija, onse anali odula, n'chifukwa chake anakwera chitunda chija mpaka ku Eden, ndipo analandira chipinda 303 ngakhale anauzidwa kuti amene ankakhalamo anadzipha. Ankangodziuza kuti ndipirira miyezi yochepa, ndisunge ya chikole, ndichoke. Aliyense amene anachitapo lendi chipinda chimene sankachifuna amawadziwa mawu amenewo.

Kamnyamata ka Zomba:
Amene anandipweteka kwambiri ine ndi Kang Seok-yoon, woimba rap uja amene analowa m'chipinda 310 Ahn Hee-joong, amene ankakhalamo, atasowa. Ndiye mnzake weniweni yekhayo amene Jong-woo anapeza m'nyumbamo. Wansangala, wosauka ngati iye, wolota ngati iye. Jong-woo anamuchonderera kuti tuluka muno, koma nayenso analibe kolowera, ndipo chidwi chinamukwezetsa masitepe aja. Nditaona zimene zinamuchitikira ndinazimitsa foni n'kutuluka panja.

Thokozani:
Tsono tikambe za mathero, chifukwa ine mpaka lero mutu sunakhazikike. Poyamba amationetsa ngati Moon-jo ndiye anapha anzake onse, kenako Jong-woo n'kumupha iye podziteteza atabwerera kukapulumutsa Ji-eun. Apolisi nawo anavomereza zomwezo. Kenako zinthu zikutembenuka, tikuona kuti manja amene anapha anthu aja anali a Jong-woo. Ji-eun akukumbukira kuti anamuona akulankhula yekha. Ndiye m'chipatala muja, ali ndi chibangili cha mano pamkono, akulemba pa laputopu mawu amodzi okhaokha akuti ifa, ifa, ifa, nkhope ya Moon-jo ikuonekera pa yake. Kodi Moon-jo anafadi?

Namwino wa Usiku:
Ine ndimakhulupirira kuti anafa, ndipo anafa mokondwa, chifukwa chimene ankafuna chinali chitatheka. Sankafuna kupulumuka, ankafuna wolowa m'malo. Akamaonekanso pambuyo pake ndimaona kuti ndi m'mitu ya anthu amene anawasiyira chilonda. Chimene chimandisautsa n'chakuti wapolisi uja akuoneka kuti wazindikira zoona, koma nkhani yatsekedwa kale.

Wa ku Joni:
Ndiye mwavomereza nokha, anamwino. Ankafuna wolowa m'malo, anamusankha, anamuumba. Popanda Moon-jo, Jong-woo akanakhala mnyamata wokwiya wolemba mabuku amdima, basi. Ndipo ndinamva kuti m'nthano yojambula ya pa tsamba la intaneti la Naver, ya Kim Yong-ki, imene sewerolo linachokera, dokotala wa manoyu mulibe momwe tikumuonera pano. Opanga sewero anamuwonjezera dala. Anaona kuti pakufunika munthu wokankha.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
N'zoona kuti Moon-jo anapangidwira sewero la pa kanema. Koma mfundo imeneyo ikhoza kugwira ntchito mbali inayo, achimwene. Ngati nthano yoyambirira inatha kumufikitsa Jong-woo kumdima popanda dokotala wokongola womunyengerera chotere, ndiye kuti nyumba ija, umphawi ndi ofesi zinali zokwanira kale kumuphwanya.

Nachisale:
Achimwene a ku Joni, ndivomereza chinthu chimodzi: popanda Moon-jo mwina sakanapha. Koma sindivomereza kuti akanakhala bwino. Im Si-wan anasewera Jong-woo atangotuluka kumene ku usilikali mu 2019, ndipo amene munaonera sewero la Misaeng la 2014 mukumbukira kuti kumenekonso anali mnyamata wophunzira ntchito mu ofesi, wonyozeka, wopanda mapepala. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Misaeng anapeza mkulu wa pa ntchito amene anamuona ngati munthu n'kumuimira. Nkhope yomweyo, mzinda womwewo, desiki ngati lomwelo. Ku Misaeng anapeza mkulu uja, a Oh, kuno anapeza Moon-jo. N'chifukwa chake sindingathe kuloza chala dokotala yekha.

Thokozani:
Koma achemwali, mukatero ndiye kuti Jong-woo mwini alibe mlandu? Anamenya mkulu wake wa pa ntchito ndi kiyibodi. Ana asukulu aja anawamenya mopitirira muyezo. Pena pake anasankha yekha.

Nachisale:
Mlandu ali nawo, Thoko, ndipo sindikufuna kumuyeretsa. Anasankha. Ndikungoti pamene ankasankha anali atatha masabata osagona, osadya bwino, osakhulupiriridwa, ndipo mawu okhawo omuuza kuti sunapenge ankachokera kwa munthu wofuna kuti apenge. Ndikamuweruza ndimafuna ndizikumbukira zimenezo.

Mayi a Tadala:
Ndawerenga zonse ndipo mathero ndawadziwa, koma mwina n'zimene zindithandize kupirira. Ndiyambiranso gawo lachitatu Loweruka masana, ana akapita kwa agogo awo, osati usiku. A Nachisale, mchimwene wanu uja munamuimbira?

Nachisale:
Ndamuimbira m'mawa uno, mayi. Anasamuka kale kumene kuja chaka chatha, ali bwino. Ndinamufunsa kuti andiuze bwinobwino zimene zinkachitika m'nyumba ija, ndipo ulendo uno sindinamudule mawu. Tinalankhula mpaka mayunitsi anandithera, ndiye ndamulonjeza kuti ndimuimbiranso madzulo akaweruka.